Dzanja lojambula nalonso ndi chitukuko: za Bambo Chisale a ku Mua ndi amisiri a kwathu kuno

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo adayankhula pamsonkhano wa makomiti a chitukuko ndi magulu a achinyamata a m'mawodi a m'mphepete mwa nyanja. Malonje tawafupikitsa.



Pamisonkhano ngati uno tidazolowera kukamba za mijigo, milatho, midadada ya sukulu ndi misewu yokumbika ndi mvula. Lero ndapatsidwa mpata woti ndikambe za munthu wojambula, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukudzifunsa ngati nkhani yotere ili ndi malo pabwalo la chitukuko. Ndikupempha kuti mundilole ndiyambe ndi chinthu chimene akuluakulu ambiri muno mudachiona ndi maso anu. Pa 14 Juni 1993 dziko lino lidaponya voti ya riferendamu, yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Ovota ambiri m'midzi yathu sankatha kuwerenga, komabe palibe amene adasokonezeka, chifukwa mbali iliyonse idali ndi chithunzi chake: uku tambala wakuda, uku nyali. Nkhani yaikulu chotero, yokhudza tsogolo la dziko lonse, idafika kwa gogo wa ku Pemba ndi kwa msodzi wa ku Chipoka kudzera m'zithunzi ziwiri zimene munthu wina adakhala pansi n'kujambula. Kolera atavuta m'zaka za 2022 ndi 2023, boma lathu lino la Salima lili m'gulu la maboma okhudzidwa, uthenga wosamba m'manja ndi wothira mankhwala m'madzi udayendanso pa zithunzi zomatidwa m'misika ndi m'madoko. Ntchito yosanja mawu, mitundu ndi zithunzi kuti uthenga umveke pa kuphethira kumodzi kwa diso ndi umisiri pawokha. Achinyamata amene amaichita pakompyuta amadzitcha ma graphic designer, pamene makolo athu ankangoti wolemba zikwangwani.

Munthu amene ndasankha kuti tiphunzirepo ndi mnansi wathu. Mukatsika ndi msewu wa M5 kuchokera ku Kamuzu Road, kudutsa Chipoka mpaka Mtakataka, mumafika pamphambano yokwerera ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Kumeneko ndiko kudagwirira ntchito Bambo Claude Boucher, wansembe wa Chikatolika wa chipani cha White Fathers, amene anthu adawapatsa chiwongo cha Chisale. Abale anga a Chisilamu ndi a mipingo ina, musadere nkhawa kuti ndabwera kudzalalikira. Chimene chandikoka pa bambo amenewa ndi burashi ndi sompho.

Bambo Boucher adabadwira mumzinda wa Montreal ku Canada m'chaka cha 1941, ndipo adafika kuno ku Malawi mu 1967, ali mnyamata wa zaka 26, dzanja lawo litazolowera kale kujambula. Zaka zoyamba adazithera pophunzira chiyankhulo ndi miyambo ya anthu amene ankawatumikira mu dayosizi ya Dedza. Pambuyo pake adakachita maphunziro a zachikhalidwe cha anthu ku London, ndipo atabwerako adakhazikitsa malo a zaluso a KuNgoni pa Mishoni ya Mua m'chaka cha 1976.

Kuti timvetse kulemera kwa chimene adachita, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mishoni ya Mua idatsegulidwa mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1920, panali mkangano woopsa pakati pa amishoni ndi a gule wamkulu. Sukulu ya mishoni ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo. Wolemba mbiri Ian Linden adalemba buku lokhudzanso mkanganowu, limene lidatuluka mu 1974. Tsono taganizirani: pamalo pomwepo pamene ng'oma ya gule inkaonedwa ngati mdani, padadza wansembe amene ankakhala pansi ndi akuluakulu a mwambo, kufunsa dzina la gule aliyense, nyimbo yake, mavinidwe ake ndi chimene amalangiza, kenako n'kulemba ndi kujambula. N'zoona kuti nyengo idali itasintha, pakuti msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 udalimbikitsa kulemekeza ziyankhulo ndi zikhalidwe za anthu. Koma chilolezo chochokera kutali sichikanatsegula pakamwa pa mkulu wa kudambwe. Chidatsegula ndi kudekha kwa munthu amene adabwerera kumidzi yomweyo chaka ndi chaka mpaka eni mwambo adamkhulupirira. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikufuna ndichedwe pang'ono pa mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwa wojambula wabwino ndi wongokopera. Chadzunda, Maliya, Simoni, Kasiyamaliro: aliyense wa amenewa ali ndi mtundu wake, kaonekedwe kake ndi chifukwa chake. Kufiira kwa nkhope ya Simoni kuli ndi nkhani kumbuyo kwake, ndipo wojambula amene sadziwa nkhaniyo akhoza kusintha utoto poganiza kuti akukongoletsa, osadziwa kuti wafafaniza tanthauzo. Bambo Chisale adasonkhanitsa zolemba ndi zojambula zawo kwa zaka zoposa makumi anayi asanatulutse buku lawo lalikulu la gule wamkulu, When Animals Sing and Spirits Dance, m'chaka cha 2012. Zaka makumi anayi! Ife masiku ano timafuna chikwangwani chimene tayitanitsa m'mawa chikhale chitauma pofika madzulo.

Ntchito yawo ina imene aliyense wofika ku Mua amaiona asanalowe n'komwe m'nyumba ndi zithunzi za pamakoma a nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare. Dzina limeneli ndi la wansembe wina wa ku France, Champmartin, amene ankadziwika ndi ukalipentala pamishonipo, ndipo lilime la anthu a ku Mua lidalisandutsa Chamare. Makoma akunja a nyumbayi adajambulidwa mbiri ya dziko lino motsatana, chithunzi ndi chithunzi, kotero kuti mwana wa sitandade 4 akhoza kuizungulira nyumbayo n'kutolapo za kubwera kwa Achewa, Ayao ndi Angoni, za malonda a ukapolo ndi za kufika kwa amishoni, asanatsegule buku lililonse. Zithunzizi adazifotokoza m'kabuku kotchedwa Digging Our Roots ka mu 2002. M'kati mwa nyumbayo muli nkhope za gule zoposa 400, pamodzi ndi zipangizo ndi zithunzi za miyambo ya Ayao ndi Angoni. Kwa ine, monga munthu amene ntchito yake ndi kufikitsa uthenga kwa anthu, makoma amenewa ndi phunziro lalikulu kuposa zonse zimene zili pa Mua. Wojambulayo adadziwa amene adzayang'ane, adadziwa mtunda umene adzayimepo, ndipo adasankha chofunika kuoneka poyamba ndi choyenera kusiyidwa.

Komatu chikanakhala kuti bambowa ankangojambula okha m'chipinda chawo, bwenzi lero tikukamba za munthu waluso basi, ndipo nkhaniyi sikanafika pamsonkhano wa chitukuko. KuNgoni adayiyambitsa ngati malo ophunzitsira ndi ogwirira ntchito amisiri a m'midzi yozungulira. Anthu amene ankasema mitondo, mipini ndi zipande adaphunzira kusema zitseko, maguwa, mitanda ndi zithunzi za moyo wa kumudzi, n'kuyamba kupeza ndalama ndi luso lawo ali kwawo. Zosema za ku Mua zidalowa m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amisiri a kumeneko adakongoletsa kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Katswiri wina, Martin Ott, adalemba buku lonse lofotokoza zosema ndi zojambula za KuNgoni, African Theology in Images, limene lidasindikizidwa ndi a Kachere ku Zomba m'chaka cha 2000. Mpaka lero alendo amapatuka pamsewu waukulu kukwera ku Mua, kugona kumeneko, kugula ziboliboli ndi kudya chakudya cholimidwa ndi anthu a m'deralo. Ena mwa alendo amenewa amagona ku Senga Bay dzulo lake kapena mawa lake.

Pali chinthu chimodzi chimene sichindisangalatsa m'nkhani imeneyi, ndipo ndichinena poyera. Dzina limene dziko lonse limalidziwa ndi la mlendo wa ku Canada. Mayina a amisiri monga Thomas Mpira ndi Tambala Mponyani, amene manja awo adagwira sompho ndi tchizulo ku Mua, amadziwika ndi owerengeka okha. Sindikunena izi pochepetsa Bambo Chisale, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwo kalumo kawo adakagwiritsa ntchito bwino. Ndikudandaula za chizolowezi chathu chosasunga mayina a anthu athu aluso. Amene mudawerengapo nyuzipepala zakale mukukumbukira Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, zithunzi zoseketsa zimene anthu ankathamangira asanawerenge nkhani zina zonse. Ku Chancellor College kudali Kay Chiromo, wojambula ndi mphunzitsi wa zojambulajambula. Funsani mwana wa fomu 4 lero ngati adamvapo mayina amenewa. Ndipo tisaganize kuti kujambula kudabwera ndi sitima za azungu. M'mapanga a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, chaka chimodzi chitapita pamene lidalemekeza gule wamkulu mu 2005.

Tsopano tibwere kwathu. Yendani pamsewu wotsikira ku Senga Bay, muyime pa timisika ta ziboliboli. Luso lilipo, ndipo aliyense woona kusalala kwa mphingo wosemedwa ndi anyamata athu sangatsutse. Koma taonani zimene zikusemedwa ndi kujambulidwa: kadyansonga, chipembere, ankhondo ataliatali a mtundu wa Maasai atagwira mikondo. Mlendo amene wadutsa ku Arusha kapena ku Victoria Falls adaziona kale zimenezi, mwina pamtengo wotsika, ndipo akafika pano amangonenerera mtengo mpaka mmisiri agulitse mongotaya. Tebulo lililonse likakhala ndi katundu wofanana ndi la mnzake, chotsala chopikisanirana ndi mtengo wokha, ndipo wogonja amakhala wosemayo.

Nanga zathu zili kuti? Nyali za asodzi a usipa zikandandalika panyanja usiku ngati mudzi woyandama, ndani wazijambula? Mwambo wa pachilumba cha Mbenje, pamene a Mfumu Yaikulu Makanjira amatseka usodzi kwa miyezi ingapo chaka chilichonse kuti nsomba ziswane, mwambo umene akatswiri a zausodzi amabwera kudzauphunzira kuchokera kutali, uli pa nsalu iti, pa khoma liti? Amayi opuntha mpunga ku Lifuwu, matandala oyanikira usipa, bwato logoba likukokedwa pamchenga m'bandakucha, njanji ndi doko la Chipoka, mzikiti ndi tchalitchi zoyang'anizana m'mudzi umodzi: zonsezi mlendo sangazigule kwina kulikonse. Wansembe wa ku Montreal adapeza chuma chake m'midzi ya ku Mtakataka chifukwa adafunsa mafunso amene eni mudzi ankawaona ngati osafunika. Mnyamata wobadwira kwa Maganga kapena kwa Ndindi safunika kuphunzira chiyankhulo kapena kupempha chiwongo kuti achite zomwezo. Agogo ake ali pakhomo.

Mbali ina imene imandikhudza kwambiri pantchito yanga ndi ya zikwangwani za chitukuko. Ntchito iliyonse, kaya ndi ya thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kaya ndi ya bungwe lothandiza, imakhala ndi chikwangwani. Zambiri mwa izo zimalembedwa m'Chingerezi chokhachokha, ndi zilembo zing'onozing'ono zothithikana, zizindikiro za mabungwe zitatenga theka la malo. Chikwangwani chotere chimakondweretsa wopereka ndalama akadzabwera kudzajambulitsa, koma mayi wodzatunga madzi pamjigopo sachokapo akudziwa kuti ntchitoyo yadya ndalama zingati, waigwira ndani, ndipo mjigo ukawonongeka akanene kwa yani. Pamenepa nkhani ya zojambula yasanduka nkhani ya kuyang'anira chuma cha anthu. Chikwangwani chowerengeka bwino, cha m'Chichewa kapena m'Chiyao, chimapatsa mphamvu komiti ya m'mudzi yofunsa mafunso. Inu a m'makomiti muli ndi ufulu wopempha kuti chikwangwani chisanakhomedwe muchione, ndipo njira yochiyesera ndi yapafupi: chiimikeni patali ngati pamene munthu wapanjinga angachionere, muyitane mwana wa sukulu ndi gogo mmodzi, muwafunse chimene amvapo. Akalephera, vuto ndi la chikwangwanicho.

Kwa inu achinyamata amene mukukonza makadi a ukwati, mapologalamu a maliro, zolengeza za misonkhano ndi zolemba za pamalaya pogwiritsa ntchito kompyuta kapena foni, ndikuyamikira, ndipo ntchito yanu ikukula chifukwa pafupifupi bizinesi iliyonse tsopano ikufuna chithunzi choika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mapwando a zoimbaimba ngati Sand Music Festival, amene achitikapo kangapo ku Senga Bay, amabwera ndi ntchito yambiri ya mtundu umenewu, ndipo si bwino kuti yonse izichokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma makina amangopereka mitundu chikwi ndi zilembo chikwi. Kusankha ziwiri zoyenera pa chikwicho ndi ntchito ya diso lophunzitsidwa. Pitani kwa wolemba zikwangwani wachikulire wa pamsika wanu, amene amalemba dzina la boti ndi dzanja popanda chofufutira, mukaone mmene amayezera mpata pakati pa zilembo. Nayenso ali ndi chophunzira kwa inu. Ndiponso samalani kalembedwe ka Chichewa, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika pachikwangwani cha sitolo chimasekedwa kwa zaka zisanu.

Za ndalama ndinene mwachidule. Lembani dzina lanu pa chilichonse chimene mwajambula kapena kusema, ngakhale pansi pa chiboliboli. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, mulembe papepala, ndipo mulandireko gawo loyamba logulira utoto. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula ndi zosema monga mmene limatetezera nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyi, ngakhale ambiri timaganiza kuti ndi la oimba okha. Inunso makasitomala, kuphatikizapo ife a m'maofesi, tisiye mawu aja akuti “ingondijambulirako, si iwe mwana wa kwathu.” Wowotcherera zitsulo sitimuuza choncho.

Osema ali ndi vuto lina limene ojambula papepala alibe. Mphingo ndi mlombwa zimatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo wosema aliyense muno akudziwa kuti mtengo wabwino akuutsata kutali kuposa mmene bambo ake ankautsatira. Nkhalango ya Thuma ndi yotetezedwa, ndipo kulowamo ndi nkhwangwa ndi mlandu. Ku Mua, pafupi ndi malo osemera, kuli munda wa mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Gulu la osema limene lingapemphe malo kwa mfumu n'kudzala mitengo yakeyake likhala likuteteza ntchito ya ana awo, ndipo alangizi a zankhalango alipo oti athandize pa mbande.

Pempho langa kwa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ndi ili. Pamene mukukonza mapulani a midzi yanu, lembani mayina a anthu onse aluso la manja amene muli nawo: olemba zikwangwani, ojambula, osema, oluka, oumba, ndi achinyamata okonza zithunzi pakompyuta, osaiwala atsikana, amene nthawi zambiri amajambula bwino kusukulu koma palibe wowauza kuti angadye nalo lusolo. Kaundula ameneyu akakhalapo, zidzakhala zosavuta kuti ntchito ya chikwangwani kapena ya zithunzi za pakhoma la sukulu ndi la chipatala ikapezeka, komiti itchule dzina la munthu wa m'wodi momwemo. Zidzathandizanso pokambirana ndi a TEVETA, amene amazindikira maphunziro a ntchito zamanja ochitikira kwa mmisiri, komanso ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Salima Technical College, imene ili pakhomo pathu pompano ku Senga Bay. Mmisiri wachikulire aliyense atati atenge ophunzira awiri, tikhala tayamba zimene zidayambika ku Mua mu 1976, popanda kudikira nyumba yatsopano kapena galimoto.

Kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, Mua ndi ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Mwezi wa Ogasiti kumakhala chikondwerero cha zachikhalidwe chaka ndi chaka, koma makoma a Chamare alipo masiku onse. Mukapita ndi ana, muwatengere mapepala ndi mapensulo, ndipo pobwerera muyime padoko lililonse limene mungasankhe kuti ajambule zimene akuona. Zojambulazo, mayina a ana ndi a sukulu zawo atalembedwa kumbuyo, mutitumizire ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya khonsolo.